Mafunso ndi mayankho pa mabuku amakono a nkhani zaupandu ndi zofufuza milandu

Okonda kuwerenga akakumana, mkangano wa mabuku a nkhani zaupandu suchedwa kubuka. Ena amati ndi mabuku otayitsa nthawi, pomwe ena sagona tulo mpaka atadziwa amene wapha. Pano ndasonkhanitsa mafunso amene amafunsidwa kawirikawiri, ndipo ndawayankha monga momwe ine ndimaonera. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti buku la mtunduwu limakoma pamene wophedwayo ali munthu weniweni kwa wowerenga, ndiponso pamene dera limene waphedwera lili ndi anthu ake, malamulo ake ndi mavuto ake. Chinsinsi chokha sichikwanira. Musade nkhawa, sindiulula mathero a buku lililonse.

Kodi nkhani yofufuza mlandu ndi nkhani ya nthumanzi n'zosiyana?

Zimasiyana, ngakhale ogulitsa mabuku amaziika pa shelefu imodzi. M'nkhani yofufuza mlandu, choipa chimakhala chitachitika kale. Mtembo wapezeka, ndipo funso ndi lakuti wapha ndani, wapha bwanji, nanga chifukwa chiyani. Wowerenga amatsagana ndi wofufuza, kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kukafika pa ola limene munthuyo anafa. M'nkhani ya nthumanzi, choipa chachikulu chimakhala chikubwera. Bomba silinaphulike, mwana wobedwa adakali moyo, mboni ikusakidwa kuti iphedwe isanaonekere kukhothi. Nthawi zina wowerenga amachidziwa chigawengacho kuyambira tsamba loyamba, ndipo chomuika mtima m'mwamba ndi kufuna kuona ngati chigwidwe zinthu zisanaipe.

Mabuku ambiri a masiku ano amaphatikiza ziwirizi. Amayamba ndi mtembo, kenaka chapakati wofufuza uja amasanduka wosakidwa.

Akale aja sanali okoma kuposa amakonowa?

Zimatengera chimene mukufuna. Nkhani yofufuza milandu monga tikuidziwira inayamba ndi Edgar Allan Poe mu 1841, wofufuza milandu wa m'mabuku a Arthur Conan Doyle, Sherlock Holmes, anatulukira mu 1887, ndipo Agatha Christie anasindikiza buku lake loyamba mu 1920. Pomwe amamwalira mu 1976 anali atalemba mabuku 66 a nkhani zazitali zofufuza milandu. M'zaka zimenezo nkhani inkakhala ngati bawo pakati pa mlembi ndi wowerenga: njere zonse zili poyera, wopambana ndi amene wawerengera patali. Mu 1929 wansembe wina wa Katolika wa ku England, Ronald Knox, anafika polemba malamulo khumi a masewerowa. Ena mwa iwo ankati wakuphayo atchulidwe koyambirira kwa nkhani, wofufuza asabisire wowerenga umboni umene wapeza, zamizimu zisalowemo, ndiponso mapasa asangotulukira kumapeto popanda kutikonzekeretsa.

Pa luso lobisa chinthu poonekera, akalewo sanapezebe wowaposa. Koma muwerenge mabuku asanu a nthawi imeneyo motsatizana, muona kuti wophedwa kawirikawiri ndi munthu amene palibe akumulira kwenikweni. Wafa kuti masewero ayambe. Antchito a m'nyumba amangodutsa ndi tiyi, ndipo mlandu ukatha, mudzi umabwerera mwakale ngati sipanafe munthu.

Apa ndi pamene amakono abwino amandigwira mtima. Amafunsa funso limene akale ankalilumpha: kodi ndi dziko lotani limene lalola kuti munthuyu afe chonchi? Amakulowetsani m'nyumba ya namfedwa, mu ofesi ya apolisi yopanda zipangizo, m'chipinda cha bwana amene akufuna kuti fayilo isowe. Amakono oipa nawo alipo ambiri, ndipo amaipa kuposa akale oipa, chifukwa amatalika masamba 500 pa nkhani yoyenera masamba 250.

N'chifukwa chiyani mabuku a ku Sweden ndi Norway atchuka chonchi, pomwe maikowa ndi amtendere?

Mtendere womwewo ndiwo unabala mabukuwa. Anayambitsa ndi Maj Sjöwall ndi Per Wahlöö, mkazi ndi mwamuna amene ankakhalira limodzi ndi kulembera limodzi. Pakati pa 1965 ndi 1975 analemba mabuku khumi a wapolisi Martin Beck wa ku Stockholm, ndipo cholinga chawo sanachibise: ankafuna kuonetsa kuti dziko limene onse ankalitama kuti limasamala nzika zake linali ndi anthu otayidwa. Wapolisi wawo sanali katswiri wodabwitsa. Anali munthu wa m'mimba movutavuta, wa banja losayenda bwino, wogwira ntchito ndi anzake pagulu, ndipo milandu inkatha chifukwa cha kudikira, kufunsa khomo ndi khomo ndi kufufuza m'mapepala.

Kenaka mu February 1986 nduna yaikulu ya Sweden, Olof Palme, inawomberedwa mumsewu ku Stockholm ikuchokera kukaonera filimu ndi mkazi wake, popanda alonda. Munthu mmodzi anapezeka wolakwa koma anamasulidwa atachita apilo, ndipo mu 2020 kafukufuku anatsekedwa popanda wina kuimbidwa mlandu. Dziko limene mtsogoleri wake waphedwa poyera, wakupha osadziwika kwa zaka zoposa makumi atatu, silingasiye kulemba za apolisi olephera.

Amene ndimamulemekeza kwambiri pagululi ndi Henning Mankell. Buku lake loyamba la wapolisi Kurt Wallander, wa m'tauni yaing'ono ya Ystad, linatuluka mu 1991. Limayamba ndi nkhalamba ziwiri zochitidwa chiwembu pafamu, ndipo mayiyo asanatsirizike anatchula mawu osonyeza kuti ochita zimenezi anali akunja. Mawuwo atamveka, anthu anayamba kuukira othawa kwawo okhala m'makampu. Nkhani yonse ndi ya momwe mphekesera imodzi ingayatsire moto pakati pa anthu amene anali kale ndi chidani mumtima. Mankell ankaudziwa moyo wa mlendo, chifukwa kwa zaka zambiri ankagawa nthawi yake pakati pa Sweden ndi Maputo, kumene ankatsogolera zisudzo pa Teatro Avenida mpaka chakumapeto kwa moyo wake. Anamwalira mu 2015.

Stieg Larsson ndiye anafikitsa mabukuwa padziko lonse. Anali mtolankhani wofufuza magulu atsankho, ndipo anamwalira mu 2004 ali ndi zaka 50, buku lake loyamba lisanatuluke mu 2005. Jo Nesbø wa ku Norway anayamba nkhani za Harry Hole, wapolisi wachidakwa wa ku Oslo, mu 1997. Pambuyo pawo panabwera otsanzira ochuluka amene anaganiza kuti chofunika ndi chipale, mdima ndi wapolisi wachisoni. Anatenga chikopa, nyama n'kuisiya.

Bwanji wapolisi wa m'mabukuwa nthawi zonse amakhala chidakwa, banja linatha, bwana sagwirizana naye?

Poyamba zinali zatsopano, chifukwa zinkaonetsa kuti ntchito yoona mitembo imamudya munthu. Lero chakhala chizolowezi cha alembi aulesi. Ndimakhululuka mowa ukakhala ndi zotsatira zake m'nkhani, monga wapolisi kuphonya umboni kapena mwana wake kuleka kumuyankhula. Ukangokhala chokongoletsera, ndimatopa nawo.

Nanga mabuku aja amene wofotokoza nkhani amakhala akutinamiza?

Awa ndiwo adzaza m'masitolo kuyambira pomwe Gillian Flynn anatulutsa Gone Girl mu 2012 ndi Paula Hawkins anatulutsa The Girl on the Train mu 2015. Hawkins anabadwira ku Harare mu 1972 ndipo anasamukira ku London ali mtsikana. M'mabuku onse awiriwa mulibe wapolisi wotitsogolera. Amene akutiuza nkhani ali mkati mwa mlanduwo, ndipo sitingamukhulupirire, kaya chifukwa akubisa dala, kaya chifukwa mowa unamufufutira zimene anaona.

Chimene mabukuwa anachita bwino n'kuchotsa zoopsa mumsewu wamdima n'kuziika m'chipinda chogona. Woopsa si mlendo wobisala patchire, koma amene mumadya naye mbale imodzi. Aliyense amene anakhalapo pa mlandu wa banja kwa ankhoswe akudziwa kuti mwamuna ndi mkazi amatha kufotokoza usiku umodzi womwewo mosiyana kotheratu, aliyense akulumbira. Flynn anawonjezapo china: banja la m'buku lakelo linagwa pambuyo poti onse awiri ntchito zawathera ku New York chuma chitasokonekera, n'kubwerera kwawo kwa mwamuna ku Missouri. Umphawi wobwera mwadzidzidzi ndi manyazi ake zili pansi pa nkhani yonse.

Vuto langa ndi khamu la mabuku amene anatsatira. Ambiri analembedwa kuyambira kumathero: mlembi wapeza chodzidzimutsa, kenaka akupinda ampangankhani onse kuti akwanire m'chodzidzimutsacho. Mayi amene kwa masamba 300 watiuza zakukhosi kwake amapezeka kuti ankadziwa zonse, koma sanaziganizire ngakhale kamodzi ali yekha m'chipinda. Munthu sabisira mutu wake zimene akudziwa. Apo wonama si mfotokozankhani, ndi mlembi.

Ndiye kodi mlembi alibe ufulu wotisocheretsa?

Ali nawo, ndipo ndi ntchito yake. Koma kusocheretsa n'kosiyana ndi kunama. Mlembi waluso amakuonetsani chilichonse, kungoti amakuchititsani kuyang'ana kwina pa nthawi yoyenera. Njira yoyesera ndi yosavuta. Mukamaliza buku, bwererani ku mitu itatu yoyambirira. Ngati mukuona kuti umboni unali pomwepo ndipo munaudutsa nokha, mlembiyo wakupambanani mwachilungamo, ndipo mumamva kukoma. Ngati mupeza kuti zimene zanenedwa kumapeto zikutsutsana ndi zoyambirira, wakuberani ndalama ndi nthawi.

Mafoni, makamera ndi DNA sizinaphe nkhani zamtunduwu?

Zinapha njira zina zakale, koma zinabweretsa zatsopano. Kuzindikira munthu pogwiritsa ntchito DNA kunatulukiridwa ndi Alec Jeffreys ku yunivesite ya Leicester mu 1984. Pomwe njirayi inagwiritsidwa ntchito koyamba pa mlandu wakupha, chinthu choyamba chimene inachita sikunali kugwira wolakwa. Inamasula mnyamata amene anali atavomera kale kwa apolisi mlandu umene sanapalamule. Wolakwa weniweni anaweruzidwa mu 1988. M'nkhani yoona imeneyi muli zonse zimene mlembi angafune: n'chifukwa chiyani munthu angavomere mlandu wosapalamula, ndipo zinachitika zotani m'chipinda chofunsira mafunso?

Alembi ofooka amathawa zipangizozi. Foni imatha moto pa nthawi imene ikufunika, netiweki imasowa, chimphepo chimadula chilumba, kapena nkhani yonse imabwezedwa ku zaka za m'ma 1980 popanda chifukwa china koma kuopa foni. Alembi olimba amazilandira n'kuonetsa malire ake. Kamera inalipo koma sinkagwira ntchito. Zotsatira za ku labu zikudikira miyezi. Foni ikusonyeza kumene inali, osati amene anainyamula. DNA ikunena kuti munthu anafika m'chipindamo, koma sikunena kuti anadzatani.

Ena anangotembenuza funso. Keigo Higashino wa ku Japan, m'buku lake la mu 2005 lotchedwa The Devotion of Suspect X, amakuuzani wakupha koyambirira kwenikweni. Chimene simudziwa ndi momwe mphunzitsi wa masamu wokhala khomo loyandikana wabisira mlanduwo. Ndi limodzi mwa mabuku ochepa amakono amene amakwaniritsa malamulo akale aja koma n'kukusiyani ndi chisoni chenicheni.

Bwanji wophedwa kawirikawiri amakhala mkazi, ndipo nkhanza zake zimafotokozedwa mwatsatanetsatane?

Funsoli ndi lolemera ndipo ndimalimva. Malipoti a bungwe la United Nations amasonyeza kuti mwa anthu khumi alionse ophedwa padziko, pafupifupi asanu ndi atatu ndi amuna. Koma mwa ophedwa ndi wokondedwa wawo kapena wachibale, ambiri ndi akazi. M'mabuku zinthu zimatembenuka: wophedwa amakhala mtsikana wokongola, wakupha ndi mlendo wamisala wanzeru zodabwitsa. Zoona zenizeni, zakuti mkazi amaphedwa kwambiri pakhomo pake ndi munthu womudziwa, zimabisika.

Mu 2018 mlembi wina wa ku Britain, Bridget Lawless, anakhazikitsa mphotho ya Staunch, yopita kwa buku la nthumanzi lopanda mkazi womenyedwa, wogwiriridwa kapena wophedwa. Alembi angapo achikazi otchuka, kuphatikizapo Val McDermid, anaitsutsa. Mfundo yawo inali yakuti nkhanza kwa akazi zikuchitikadi, ndipo kuzichotsa m'mabuku n'kuzikwirira.

Ine ndili kumbali ya otsutsawo, koma ndi chenjezo. Chofunika si kuti mkazi wafa kapena ayi. Chofunika n'chakuti mlembi waima pati pamene akufotokoza. Ngati akutiyendetsa pa thupi la wophedwayo pang'onopang'ono kuti tisangalale ndi zoopsazo, bukulo ndimalitseka. Ngati akutiuza dzina lake, zimene ankalakalaka, amene anamudandaulira koma osamumvera, ndi momwe amayi ake akukhalira tsopano, pamenepo bukulo likugwira ntchito imene nyuzipepala yalephera.

Kodi mu Africa muli alembi a nkhani zotere oyenera kuwawerenga?

Alimo, ndipo ena ali pafupi nafe. Ku South Africa kuli Deon Meyer, amene amalemba m'Chiafrikaans mabuku ake n'kumamasuliridwa m'zinenero zambiri. Wapolisi wake, Benny Griessel wa ku Cape Town, ndi mzungu amene anayamba ntchito m'nthawi ya tsankho ndipo akuphunzira kugwira ntchito m'polisi yatsopano, pansi ndi pambali pa anthu amene kale sakanaloledwa kukhala mabwana. Meyer amadziwa kuthamangitsa nkhani. Buku lake lina lonse limachitika m'maola khumi ndi atatu okha. Amene anakhalapo ku Joni kapena ku Cape Town adzazindikira misewu, mantha ndi kayankhulidwe.

Koma buku limene ndimafuna Mmalawi aliyense ataliwerenga ndi la Unity Dow wa ku Botswana, amene anali mkazi woyamba kukhala jaji wa khothi lalikulu m'dzikomo. The Screaming of the Innocent linatuluka mu 2002. Kamtsikana kasowa pamudzi, apolisi akuti kadyedwa ndi zilombo, mlandu watsekedwa. Patapita zaka zisanu, mtsikana wina wotumizidwa kukagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'deralo akupeza bokosi la zovala zamagazi. Opha mwanayo ndi anthu olemekezeka ofuna zizimba, ndipo izi mlembi sabisa. Funso ndi lakuti kodi anthu wamba angawafike pati akuluakulu otere. Dow ndi wa ku Mochudi, kumene mu 1994 mtsikana wa sukulu wa zaka 14 anaphedwa mwa njira yomweyi, zimene zinadzetsa zipolowe mpaka boma linaitanitsa apolisi a Scotland Yard a ku Britain. Bukuli silitonthoza, ndipo siliyenera kutonthoza.

Za Botswana yemweyo kuli mabuku a Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo, onena za Mma Precious Ramotswe wa ku Gaborone, amene anayamba mu 1998. Ndi ofatsa, milandu yake ndi ya amuna ozembera akazi awo ndi antchito osakhulupirika, ndipo imatha ndi nzeru ndi kukambirana. Ena amati akuonetsa Africa wotsekemera wokomera alendo. Pali choonadi pamenepo, komabe ndimayamikira kuti wofufuza wake amagwiritsa ntchito zimene amayi a kwathu kuno amagwiritsa ntchito: kudziwa kuti uyu ndi mwana wa yani, ndi kumvetsera modekha.

Ku Nigeria, Oyinkan Braithwaite analemba My Sister, the Serial Killer mu 2018. Namwino wa ku Lagos amakhalira kukolopa magazi ndi kutaya mitembo ya zibwenzi zimene mng'ono wake wapha. Ndi kabuku kakafupi, ndipo funso lake ndi lathu lomwe: timati chibale n'fupa sichiola, koma kodi mbale timamubisa mpaka pati? Ku Ghana kuli Kwei Quartey, ku Kenya Mukoma wa Ngugi, ndipo onsewa akulemba za apolisi ogwira ntchito m'mizinda yofanana ndi yathu.

Nanga kuno ku Malawi, bwanji mabuku otere ndi ochepa?

Owerenga analipo kuyambira kale. Amene anaphunzira sekondale m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akukumbukira momwe timabuku ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan inayamba kusindikiza mu 1977, tinkayendera m'manja mpaka chikuto kuthothoka, pamodzi ndi mabuku a James Hadley Chase. Olemba nawo analipo. Aubrey Kalitera anatulutsa A Taste of Business mu 1976, ndipo pambuyo pake ankadzisindikizira yekha mabuku n'kumagulitsa.

Zolepheretsa ndikuziona ziwiri. Choyamba ndi mbiri yathu. Lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo la mu 1968 linapatsa boma mphamvu yoletsa buku lililonse, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi palibe akanalemba za wapolisi wakatangale kapena nduna yopha munthu n'kugona kunyumba kwake. Nkhani yofufuza milandu imafuna ufulu wokayikira akuluakulu. Chachiwiri ndi msika. Osindikiza mabuku amadalira mabuku a sukulu chifukwa ndiwo ali ndi ogula otsimikizika, ndipo buku losalowa pa silabasi limavutika kubweza ndalama zosindikizira.

Koma nkhani zoti zilembedwe zili mbwee. Kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013 kunali ndi zonse: ndalama m'mabuti a galimoto, makampani olipidwa osagwira ntchito, mkulu wa boma wowomberedwa pageti la nyumba yake. Kuphedwa kwa abale athu achialubino kunasiya mafunso amene mpaka lero akuwawa, makamaka lakuti ogula ziwalozo ndani. Ndipo wofufuza wa kuno angakumane ndi zopinga zimene wa ku Stockholm sazidziwa. Maliro amaikidwa msanga, nthawi zina mtembo usanapimidwe, ndipo kuufukula ndi nkhani yaikulu kwa abale ndi mfumu. Galimoto ya polisi ilibe mafuta. Mboni ikudziwa zonse koma woganiziridwayo ndi malume ake. Anthu okwiya afuna kuotcha woganiziridwa apolisi asanafike. Mbali ina, ndalama zotumizidwa pafoni zimasiya mapazi, ndipo nambala iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso. Mlembi amene angaike zonsezi m'buku limodzi, m'Chichewa chomwe apolisi ndi mavenda amayankhula, sadzasowa omuwerenga.

Kodi ufiti ungalowe m'nkhani yofufuza mlandu?

Knox uja anakaniza zamizimu, ndipo pa mfundo imodzi ndimagwirizana naye: yankho la mlandu lisakhale lakuti munthu anaphedwa ndi mfiti youluka usiku. Mukalola zimenezo, umboni ulibenso ntchito, ndipo wowerenga sangapikisane ndi mlembi.

Koma chikhulupiriro cha ufiti chiyenera kulowa, chifukwa chimapha anthu enieni. Munthu amene akukhulupirira kuti chiwalo cha mwana chimulemeretsa amagwira mpeni weniweni. Gogo amene watchulidwa mfiti mwana atamwalira ndi malungo amagendedwa ndi miyala yeniyeni, ndipo nthawi zina woyambitsa mphekeserayo amakhala akufuna munda wa gogoyo. Lamulo la za ufiti la mu 1911, limene dziko lathu linatengera kwa atsamunda, limati kutchula munthu mfiti ndi mlandu, pomwe anthu ambiri pamudzi amaona kuti wolakwa ndi wotchulidwayo. Wapolisi woima pakati pa lamulo ndi mudzi, amene mwina iye mwini amaopa zomwezo mumtima, ndi mpangankhani wamphamvu kuposa chidakwa chilichonse cha ku Oslo. Dow ndi Quartey anaonetsa kuti zimatheka: mantha a anthu amalemekezedwa, koma dzanja lopha limakhala la munthu.

Kodi munthu wopemphera angawerenge mabuku odzaza ndi kuphana? Nanga ana?

Ndikuona kuti angathe. Nkhani ya Kaini ndi Abele ndi ya kupha, kubisa ndi kufunsidwa, ndipo Solomo anagamula mlandu wa amayi awiri aja poyesa mitima yawo. Nkhani zofufuza milandu zimaima pa mfundo yakuti moyo wa munthu ndi wamtengo ndipo magazi okhetsedwa ayenera kufunsidwa. Pali mabuku ena amene amakondwerera nkhanza, ndipo amenewo chikumbumtima chanu chidzakuuzani msanga.

Kwa ana a pulayimale ndi a fomu 1 kapena 2, akale aja ndiwo abwino, chifukwa magazi ndi ochepa ndipo amaphunzitsa kulingalira. Mabuku a Larsson, Nesbø ndi Flynn ndi a akuluakulu. Kholo liyambe lawerenga lokha.

Dzina lotchuka pachikuto ndi chitsimikizo choti buku ndi labwino?

Ayi. Mayina ena asanduka ngati makampani. James Patterson amatulutsa mabuku ambiri pachaka polemba ndi anzake, amene mayina awo amalembedwa m'munsi ndi zilembo zing'onozing'ono. Lee Child, amene anayambitsa nkhani za Jack Reacher mu 1997, anayamba kulemba ndi mng'ono wake Andrew mu 2020. Nkhani za Larsson zinapitirizidwa ndi David Lagercrantz kuyambira 2015, ndipo Sophie Hannah wakhala akulemba mabuku atsopano a Hercule Poirot, wofufuza milandu wa m'mabuku a Agatha Christie, kuyambira 2014 ndi chilolezo cha banja la Christie. Palibe chinyengo, zonse zimalembedwa poyera, ndipo ena mwa mabukuwa ndi owerengeka. Kungoti muziwerenga chikuto chonse. Mphotho ngati Gold Dagger ya ku Britain ndi Edgar ya ku America zimathandizako kuposa mawu otamanda a pachikuto, amene nthawi zambiri amalembedwa ndi alembi anzawo.

Ndikaonera filimu yake, bukulo n'lofunikanso?

Ngati ndi nkhani yongothamangitsana, filimu ikukwanirani. Ngati mphamvu yake ili m'maganizo a mfotokozankhani, yambani buku, chifukwa kamera siingalowe m'mutu mwa munthu, ndipo mukadziwa mathero simudzaliwerenganso ndi maso omwewo.

Mabuku otsatizana ndiyambire loyamba?

Pa mabuku a Sjöwall ndi Wahlöö, Mankell ndi Larsson, inde, chifukwa moyo wa wofufuza umasintha buku ndi buku ndipo otsatirawo amaulula za oyambirira. A Reacher ndi a Poirot mungayambire paliponse. Popeza kuno timawerenga chimene tachipeza, musasiye buku labwino chifukwa choti loyamba lake silikupezeka.

Ndingadziwe bwanji kuti buku ndi labwino ndisanagule?

Musadalire tsamba loyamba, chifukwa alembi onse amalipukuta kwambiri, ndipo ambiri amayamba ndi kachigawo ka magazi kongokukokani. Tsegulani chapakati, pamene wofufuza akucheza ndi mboni, muwerenge masamba awiri. Mvetserani ngati mboniyo ikuyankhula ngati munthu wokhala ndi mavuto ake, wofuna kubisa kena kake ngakhale kosakhudza mlanduwo, kapena ngati ikungopereka uthenga umene mlembi akufuna kuti mumve. Onaninso ngati mungadziwe dera limene nkhani ikuchitikira popanda kuuzidwa dzina lake. Mitu ya masamba awiri awiri yothera pa chiopsezo nthawi zonse imasonyeza mlembi woopa kuti muthawa.

Ngati bukulo ndi lomasuliridwa kuchokera ku Chiswidishi, Chijapanizi kapena Chiafrikaans, mayina achilendo asakubwezeni. Lembani mayina asanu oyambirira pakapepala, pofika mutu wachinayi mudzakhala mutawazolowera. Mabuku amtunduwu amapezeka ku nthambi za National Library Service, m'masitolo a mabuku akale ndi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi atsopano. Mukamagula lakale, onetsetsani manambala a masamba akumapeto osawerenga mawu ake, chifukwa masamba omaliza ndiwo amayamba kuthothoka, ndipo ogulitsa ambiri sadziwa kuti asowa.